Kalulu ndi Mtengo wa Kangaude

Padangokhala. Chaka china mango anabereka mopitirira muyeso m'dziko la nyama, mpaka nthambi kuthyoka, ndipo akuluakulu anapukusa mitu nati kutsogoloku kuli njala. Mfumu Njovu anaitanitsa bwalo pansi pa mlambe waukulu wa pakati pa mudzi. Anakambirana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, namanga mfundo imodzi. Amange nkhokwe ya mudzi wonse, ndipo banja lililonse lithiremo milu itatu yofanana ya nsawa, wina wodzatapa mu Januwale, wina mu Febuluwale, wina mu Malichi, miyezi ija chimanga chimaoneka m'munda koma m'mbale mulibe kanthu.

Kumanga nkhokwe sikunavute. Chinavuta ndi kalembera. Mabanja analipo 1,023, ndipo aliyense anabweretsa monga mwa mphamvu zake, a Njovu mulu wa nsawa 9,000, Mbewa mulu wa nsawa 7. Agogo Fulu, mlembi wa bwalo, anaonetsetsa kuti pasakhale mabanja awiri a nambala yofanana. Wobwera ndi mulu wolingana ndi wa mnzake ankamuuza kuti awonjezere nsawa imodzi kapena achotsepo. Koma nanga tsiku lotapa likadzafika, adzatsimikiza bwanji msanga kuti amene akuti "yanga ndi 700" akunena zoona? Fulu anaganiza zolemba zonse pa khungwa lalitali, koma atalingalira zowerenga mizere 1,023 kwa aliyense wobwera, mutu wake unabwerera m'kati.

Pamenepo mayi Kangaude anatsika ndi ulusi wawo kuchokera m'mwamba, naima patsogolo pa chitamba cha mfumu.

"Wawa mfumu, ndipatseni zigoba za malambe. Banja lililonse likhale ndi chigoba chake. Kunja tilembepo ndi khala kukula kwa mulu wake, m'kati tiikemo chizindikiro cha mwini, kaya ndi nthenga, kaya ubweya, kaya munga. Kunsi kwa chigoba ndiboola timabowo tiwiri, kena kumanzere, kena kumanja. Chigoba sichifunika kudziwa mudzi wonse. Chidziwe anzake awiri okha amene ndawamangirira pansi pake. Onse a nambala yochepa kuposa yake, ana ndi zidzukulu zomwe, akhale mbali ya kumanzere. Onse a nambala yoposa akhale mbali ya kumanja. Lamulo ndi lomweli basi."

Anayesa ndi amene anali pafupi. Woyamba anali Nungu ndi 700 yake, ndipo chigoba chake anachipachika pa nthambi ya pamwamba penipeni. Anabwera Nyani ndi 1,200. Kangaude anayang'ana chigoba cha Nungu, anaona kuti 1,200 ndi yoposa, anapeza bowo la kumanja lilibe ulusi, namangirira Nyani pomwepo. Gwape wa 330 anapita kumanzere. Nkhanga wa 150 anafika pa Nungu, anatsikira kumanzere, anapezako Gwape, anatsikiranso kumanzere, napeza malo. Fisi wa 900 anatsikira kumanja kwa Nungu, anakumana ndi Nyani, ndipo poti 900 siifika pa 1,200, anakalendewera kumanzere kwa Nyani.

"Tsopano ndifunseni za Fisi," anatero Kangaude. Anagogoda pa Nungu, go. Kumanja. Anagogoda pa Nyani, go. Kumanzere. Anagogoda kachitatu, natulutsamo ubweya wamawanga. Za Gwape ndi Nkhanga sanazikhudze n'komwe. Kenaka anafufuza 800, nambala yopanda mwini. Anatsata njira yomweyo mpaka pa Fisi, anayang'ana kumanzere kwake, anapeza bowo lopanda ulusi, nati, "Palibe." Ndipo "palibe" ameneyo anali wotsimikizika, chifukwa 800 ikanakhalapo, malo ake akanakhala pomwepo, osati kwina kulikonse.

Nyama zinadandaula chimodzi chokha, kuti mtengowu muzu wake uli kumwamba, masamba ali pansi. Mleme, amene ankaonerera ali chadodolido, anati iye sakuona cholakwika.

Amene amalemba mapulogalamu a kompyuta mtengo umenewu amaudziwa bwino. Amautcha binary search tree, ndipo nawonso amaujambula muzu uli pamwamba. M'chinenero cha C, chimene Dennis Ritchie anapanga ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chigoba chimodzi chimakhala struct ya zinthu zitatu: nambala, pointer ya kumanzere ndi pointer ya kumanja. Pointer ndi adiresi chabe ya pamene chigoba china chili mu memory. Zigobazo sizifunika kukhala moyandikana ayi. Chikafunika chatsopano, pulogalamu imapempha kamalo ndi malloc, imapatsidwa paliponse pamene pali mpata, ndipo chimene chimalumikiza zonse ndi maadiresi aja. Bowo lopanda ulusi amalilemba NULL, ndipo wophunzira amene waiwala kuyang'ana NULL asanatsike, pulogalamu yake imafera panjira. Pulogalamu yonse imagwira chinthu chimodzi chokha m'manja, adiresi ya muzu. Ikataya imeneyo, zigoba zonse zimatsala mu memory popanda njira yozifikira. Ine chimene chimandikoka mtima pa mtengowu ndi chakuti palibe chigoba chimene chimadziwa zambiri, koma pa funso lililonse gawo lalikulu la mtengo limatayidwa kumbali osaliyang'ana.

Kalulu anaonerera zonsezi ali phee, makutu ali njo, akuwerenga ndi zala za kuphazi. Ataona kuti bwalo lasangalala, anadzuka nawomba m'manja mwaulemu.

"Wawa mfumu. Mayi Kangaude atopa ndi kuluka, sangamakwerenso kukagogoda. Ntchito yofufuza ndipatseni ine mwana wanu. Sindifuna zambiri. Kugogoda kumodzi, nsawa imodzi."

Nyama zinakumbukira kuti Fisi anapezeka pogogoda katatu kokha. Nsawa zitatu n'chiyani? Zinavomera, ndipo Kalulu anapempha kuti mtengo wa kugogodawo ulumbiriridwe pa bwalo kuti usadzasinthe. Anaulumbirira.

Kenaka inafika nthawi yopachika chigoba cha mfumu. Kangaude anatsata lamulo: 9,000 iposa 700, kumanja, iposanso 1,200, kumanja, ndipo malo opanda ulusi anali pansi pa Nyani. Makutu a Njovu anaima.

"Ine pansi pa Nyani?"

Kalulu anali akudikira mawu omwewo. "Wawa mfumu, inenso zandipweteka mumtima. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kuyambira kale m'mudzi muno, pa madzi osamba m'manja, pa chipanda cha mowa, pa kulankhula pa bwalo, amayamba ndi akulu. Timasule zonsezi. Zigoba zilowe mwa ulemu, wamkulu ayambe, wotsatira atsatire, mpaka wamng'ono wa onse. Lamulo la mayi Kangaude sitilikhudza."

Mvuu anavomereza, Chipembere anavomereza, Njati anagwedeza nyanga. Kangaude anayesa kunena kuti mtengo umakula molingana ndi mmene zigoba zalowera, koma mawu ake anamira m'phokoso la nthungululu. Fulu anayang'ana Kalulu nthawi yaitali, nanena chapansipansi kuti, "Mdzukulu wanga, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza." Kalulu anaseka, nati agogo akalamba.

Kangaude anayamba kuluka misozi ili m'maso. Njovu pamwamba. Mvuu ndi wochepa, kumanzere. Chipembere ndi wochepa kwa Njovu, wochepanso kwa Mvuu, kumanzere kwa Mvuu. Njati chimodzimodzi. Aliyense wobwera anali wochepa kuposa onse amene analowa kale, choncho aliyense ankadutsa zigoba zonse ndi kukamangiriridwa kumanzere kwa womaliza. Mabowo onse a kumanja anatsala ali pululu. Mtengo sunachite nthambi ngakhale imodzi. Unatsika mlambe ngati chingwe cha pachitsime, unafika pansi, unadutsa bwalo, unalowa m'dambo, ndipo chigoba cha Mbewa chinakagona m'matope m'mbali mwa mtsinje. Panalibe chigoba chimene chinaswa lamulo. Aliyense wochepa analidi kumanzere.

Januwale anafika ndi mvula yake ndi njala yake. A Njovu anabwera kudzatapa. Go, nsawa imodzi. Mvuu ziwiri, Chipembere zitatu, Njati zinayi, ndipo onsewa anabwerera kwawo akutama mwana wa Kalulu kuti ndi wachangu. Nungu anali pakati penipeni pa chingwe. Kalulu anagogoda ka 512, ndipo pa nsawa 700 Nungu anapita nazo kwawo 188. Mayi Njiwa, amene mulu wawo unali 43, anauzidwa kuti chigoba chawo ndi cha 994 kuchokera pamwamba. Anaima pang'ono, anawerengera, natembenuka osanena kanthu. Mbewa sanabwere n'komwe. Chigoba cha Kalulu mwini, cha nsawa 40, chinali kutali kuposa cha Njiwa, koma iye ankadzilipira yekha, kuchotsa m'thumba la kumanzere kuika la kumanja.

Zimenezi zimachitikadi m'makompyuta, ndipo nthawi zambiri popanda Kalulu aliyense. Wolemba amayesa pulogalamu yake ndi manambala asanu ndi awiri osakanizika, zonse zimayenda bwino. Kenaka pulogalamu imakumana ndi zinthu zenizeni, ndipo zinthu zenizeni zimakonda kubwera zitafola kale: manambala a malisiti, madeti, mayina ochokera m'kaundula woyalidwa kuyambira A mpaka Z. Mtengo umapendekera mbali imodzi, kufufuza kumene kunayenera kutenga magogodo khumi kumatenga mazanamazana, ndipo ngati wolembayo anagwiritsa ntchito recursion, njira imene pulogalamu imadziitana yokha pa chigoba chilichonse, chingwe chikatalika kwambiri malo osungira maitanidwewo, otchedwa stack, amadzaza, pulogalamu n'kugwa. Akayang'ana mizere imene analemba sapezamo cholakwa, chifukwa mulibedi. Vuto lili m'dongosolo la kalowedwe.

Akuluakulu sanaone vuto lililonse mpaka tsiku lopalira m'munda wa mfumu. Kunabwera Njati ndi Mvuu basi, ndipo amenewa kupalira kwawo ndi kupondaponda. Njovu anafunsa kuti ang'onoang'ono ali kuti.

"Mfumu," anatero Fulu, "kufotokoza sindingathe. Tiyeni tiyende."

Anatsata chingwe chija awiriwiri, Njovu akufupikitsa mapazi kuti Fulu asatsale. Anadutsa bwalo, analowa m'dambo udzu ukuwanyowetsa, manambala akucheperachepera. Dzuwa lili pamutu anafika kumtsinje. Chigoba chomaliza chinali chitamira theka m'matope, 7 wake atafufutika mbali imodzi, ndipo pambali pake panakhala Mbewa ndi ana ake atatu, nthiti zikuwerengeka. Anabwera kudzangochilondera kuti madzi asachitenge. Njovu anachinyamula ndi chitamba, anachipukuta pa mwendo wake, ndipo ulendo wonse wobwerera sanalankhule.

Madzulo omwewo anaitana Kangaude. "Mayi, lukaninso mmene mukudziwira."

Kangaude sanavutike kusanja, poti chingwecho chinali chosanjika kale. Anadula ulusi wonse, zigoba zinatsala zitandandalika pansi mu mzere wake. Anawerenga mpaka pakati, pa chigoba cha 512, chimene chinali cha Nungu, nachikweza pa nthambi ya pamwamba. Kumanzere kunatsala 511, kumanja 511. Mbali iliyonse anatenganso cha pakati, nachimangirira pansi pa Nungu. Magulu anayi otsalawo anachita nawo chimodzimodzi, kenaka asanu ndi atatu, osasintha kachitidwe mpaka pansi panalibe chotsala. Mzere woyamba unali ndi chigoba 1, wachiwiri 2, wachitatu 4, kenaka 8, 16, 32, 64, 128, 256, ndipo wakhumi 512. Zonse pamodzi 1,023, ndipo mtengo wonse unakwana pa mlambe osakhudza pansi. Chigoba cha Mbewa chinali kumapeto kwa kumanzere mu mzere wa pansi. Cha mfumu chinali kumapeto kwa kumanja mu mzere womwewo. Onse awiri, magogodo khumi. Njovu anachiyang'ana, anameza malovu, nati zikhale choncho.

Namzeze, amene amabwera ndi mvula kuchokera kumaiko a kumpoto, anatera pa nthambi nafunsa kuti nanga mabanja atsopano akadzabwera atafolanso, adzadula ulusi wonse kachiwiri? Anawauza za akatswiri awiri a masamu a ku Moscow, Georgy Adelson-Velsky ndi Evgenii Landis, amene mu 1962 anafalitsa njira yoti mtengo uzidziwongola wokha. Chigoba chilichonse chizisunga kuti mbali zake ziwiri zasiyana bwanji kuya. Zikasiyana ndi mzere umodzi, palibe kanthu. Zikangosiyana ndi iwiri, mumasula maulusi ochepa pamalo pomwepo ndi kukweza mwana pamwamba pa kholo lake. Anaonetsa ndi timiyala titatu. Akalowa 10, kenaka 20, kenaka 30, chingwe chayamba kale. Kwezani 20, ndipo 10 atsikire kumanzere kwake, 30 atsale kumanja. Lamulo silinasweke, chingwe chasanduka nthambi. Kangaude anamvetsera maso onse ali pa timiyalato, nayeserera kawiri ndi ulusi wake.

Mtengo wa akatswiri awiriwo mpaka lero umatchedwa AVL, kuchokera ku zilembo za mayina awo. Mu 1978 Leonidas Guibas ndi Robert Sedgewick anafotokoza wina wotchedwa red-black tree, umene umalekerera kupendeka pang'ono kuti kukonza kuchepe, ndipo ndi umene uli m'kati mwa TreeMap ya Java ndi m'malo angapo a kernel ya Linux. Phindu lake limaoneka zinthu zikachuluka. Mtengo woyalidwa bwino wa mizere 20 umanyamula zigoba 1,048,575, ndipo wa mizere 30 umapitirira biliyoni imodzi. Zigoba zikawirikiza kawiri, wofufuza amangowonjezera kugogoda kumodzi.

Za Kalulu bwalo linasowa pomugwira, poti sanabe, sananame, ndipo lamulo sanaswe. Analamulidwa kubweza nsawa za mu Januwale kwa eni ake, ndipo anabweza akulira kuti zina zadyedwa ndi chiswe, pamene mtsuko umodzi wa nsawa 1,000 anali ataukwirira kuseri kwa chulu. Ntchito yofufuza inapita kwa ana a Gologolo. Mtengo wa kugogoda sukanasintha, poti unalumbiriridwa, koma mfumu inagamula kuti amene chigoba chake chapezeka asalipire kanthu. Alipire yekhayo amene wayendetsa ofufuza pachabe.

Febuluwale anadutsa mwamtendere. Aliyense anatapa mulu wake wathunthu, ndipo Kalulu anatapa 40 wake, umene sunathe ngakhale sabata. Usiku wina, mwezi utalowa, anatola khala pa moto wozima, anakwera mlambe, natsika ndi maulusi mpaka mzere wachisanu ndi chitatu kumene kunali chigoba chake. Anali atafufuza kale kuti 400 ilibe mwini. Pambali pa 40 anajambulapo ziro mmodzi wooneka bwino, anapukuta zala pa udzu, nakagona.

Tsiku loyamba la Malichi anali woyamba pa mzere.

"Nambala yanu, achimwene?" anafunsa mwana wamkulu wa Gologolo.

"400."

Gologolo anakwera. Pa Nungu, 700, anatsikira kumanzere. Pa Gwape, 330, anaona kuti 400 ndi yoposa, natsikira kumanja. Kalulu anamva m'mimba kutembenuka, chifukwa chigoba chake chinali kumanzere kwa Gwape, ndipo Gologolo ankanka natalikira nacho pa kugogoda kulikonse. Pa kakhumi anafika pa bowo lopanda ulusi.

"Palibe, achimwene. Nsawa khumi."

Kalulu anakanda khutu. "Lilime linaterereka. Ndimati 40."

Anakwera mng'ono wake wa Gologolo. Kumanzere, kumanzere, kutsika ndithu, ndipo pa kachisanu ndi chitatu anagogoda pa chigoba cha Kalulu chenichenicho, ubweya wa kumchira uli m'kati. Koma ana a Gologolo anaphunzitsidwa kufunsa funso limodzi lokha, ngati nambala imene akufuna ndi yofanana, yochepa kapena yoposa imene yalembedwa. Anawerenga 400. Sizikufanana, ndipo 40 ndi yochepa. Anatsikira kumanzere pa 36, kumanja pa 38, napeza bowo.

"Palibenso, achimwene. Zakwana makumi awiri."

Kalulu anaima pansi pa mlambe akuchiona chigoba chake chikugwedezeka ndi mphepo, osatha kuchiloza.

Akanakhala yekha wovutika, mwina nkhani ikanathera pomwepo. Koma pansi pa chigoba chake, mbali ya kumanja, panalendewera zigoba zitatu: 43 ya mayi Njiwa, ndi pansi pake 41 ya Mpheta ndi 44 ya Buluzi. Njira yopita kwa atatuwa inali imodzi, yodzera pa Kalulu. Wofufuza 43 ankafika pamenepo, n'kuwerenga 400, n'kukhotera kumanzere kumene Njiwa kunalibe. Atatu onsewo anauzidwa kuti palibe, nalipitsidwa khumi khumi. Mayi Njiwa, amene anagona ndi njala Januwale yense, anakhala pansi pa bwalo nayamba kulira mokweza.

Nambala imene yasankhira chigoba malo siisinthidwa chigobacho chili pomwepo. Wofuna kuisintha amachotsa chigoba, n'kusintha, n'kuchilowetsanso kuyambira pa muzu. Kuchotsako kuli ndi njira yake, imene Thomas Hibbard anafotokoza mu 1962: chigoba chikakhala ndi ana awiri, malo ake amatenga wamng'ono wa onse a mbali ya kumanja. Kalulu akanabweretsa nsawa zoonjezera masana, Kangaude akanakweza 41 ya Mpheta pamalo pake, ndipo palibe akanasochera. Poopa kusochera kotereku, std::map ya C++ imakaniratu kuti wolemba asinthe key, imene imasankhira malo, ya chinthu chimene chili kale mu mtengo.

Fulu anamva manambala atatu aja, 41, 43, 44, anakumbukira amene anali woyamba pa mzere m'mawa, ndipo anatseka maso kanthawi. Kenaka anapita kwa mfumu.

"Mfumu, pali chigoba chimene chikunama. Njira yochipezera ilipo. Tiyende mtengo wonse mwa dongosolo lake, tikuwerenga mokweza. Pa chigoba chilichonse timalize mbali imodzi yonse, tiwerenge chigobacho, kenaka tipite mbali inayo. Mtengo ukakhala wabwino, manambala amatuluka atafola okha. Pamene mzere uthyoke, wolakwa ali pomwepo."

"Alipira ndani?" anafunsa Njovu.

"Mwini chigobacho, mfumu. Kugogoda kumodzi, nsawa imodzi, kufikira titachipeza."

Bwalo linavomera. Kalulu anawerengera msanga. Kuyambira kwa Mbewa kukwera, chigoba chake chinali cha 28. Nsawa 28 akanapirira. Anasendera pafupi ndi Fulu.

"Agogo, musatopetse ana. Yambirani kumanzere, kwa ang'onoang'ono. Vuto lili kumeneko."

"Wadziwa bwanji, mdzukulu wanga?"

"Ndangoganiza, agogo. Olirawa ndi ang'onoang'ono."

Fulu anatembenukira ku bwalo, nakweza mawu kuti onse amve. "Mwana uyu anatiphunzitsa pano pomwe kuti m'mudzi muno, pa madzi osamba m'manja, pa chipanda cha mowa, pa kulankhula pa bwalo, amayamba ndi akulu. Kodi ine nkhalamba ndiswe mwambo lero? Ana inu, yambirani kumanja, kwa mfumu."

Mvuu anavomereza, Chipembere anavomereza, Njati anagwedeza nyanga.

Go. "9,000!" Fulu anaponya kamwala m'lichero. Go, Mvuu. Go, Chipembere. Ana a Gologolo ankalandizana, wina akatopa wina n'kukwera, ndipo manambala ankatsika bwinobwino, wina pambuyo pa mnzake. Anadutsa 1,200 ya Nyani, anadutsa 900 ya Fisi. Dzuwa lili pamutu anafika pa Nungu, timiyala tili 512. Kalulu anati akufuna kukataya madzi, koma Njati anagona chopingasa pa njira. Anadutsa 401, kenaka 399, palibe chinachitika. Anadutsa Gwape, anadutsa Nkhanga. Lichero linadzaza, anabweretsa lachiwiri. Mithunzi itatalika, mawu a Gologolo anali atasasa.

"45!" Go. "44!" Buluzi anadumpha. Go. "43!" Mayi Njiwa anaimirira. Go. "41!" Go.

Gologolo anayang'anitsitsa, anapukuta m'maso, nawerenga. "400."

Anapisa dzanja m'chigobamo, natulutsa kaubweya koyera ka kumchira, nakakweza m'mwamba kuti bwalo lonse lione.

Fulu anawerenga timiyala mosafulumira. Tinakwana 996. Anawonjezapo 20 za m'mawa, ndi 30 zobwezera Njiwa, Mpheta ndi Buluzi, zonse pamodzi 1,046. Njati anaperekeza Kalulu kuseri kwa chulu, ndipo anabwerako ndi mtsuko umene chiswe sichinaukhudze. Munali 1,000. Kangaude anatsikira pa chigoba chija, anafufuta ziro ndi tsamba lonyowa, ndipo Gologolo atafufuzanso, 41, 43 ndi 44 zinapezeka msangamsanga. Anafufuzanso 40, inapezeka pa kugogoda kwachisanu ndi chitatu, ndipo mulu wa Kalulu wa mu Malichi unatapidwa wonse n'kuthiridwa pa ngongole.

"Zatsala zisanu ndi imodzi, mdzukulu wanga," anatero Fulu. "Munda wa Mbewa sunapaliridwe. Mzere umodzi, nsawa imodzi. Khasu ukabwereke kwa Nungu."